Leonard Kamungu, Mtumiki wa pa Lungwena

Pa msewu wochokera ku Mangochi kunka kwa Makanjira, munthu akapitirira Malindi amafika pa Lungwena, dera la Ayao m'mbali mwa nyanja. Kumeneko n'kumene kudayesedwa mtima wa Leonard Mattiya Kamungu, Mnyanja woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican.

Kamungu adabadwa m'chaka cha 1877 pa Chia, tsidya la kuvuma kwa nyanja, m'dziko lomwe lero likutchedwa Mozambique. Amishoni a U.M.C.A. adamtumiza kukaphunzira ku Kiungani, pa chisumbu cha Zanzibar. Adalandira udikoni mu 1902 ndipo unsembe mu 1909, m'masiku a Bishopu Gerard Trower.

Ntchito yake ku Nyasaland adaigwira ku Nkhotakota ndi pa Lungwena. Pa Lungwenapo sipadali pa masewera ayi. Chisilamu chidali chitazika kale mizu, ndipo anthu adali asanaiwale nkhondo zimene Makanjira adamenyana ndi Angerezi zaka zochepa m'mbuyomo. Ambiri, poona mishoni, ankangoona mthunzi wa boma la atsamunda. Ndani akadatumiza mwana wake ku sukulu yotere ndi mtima woyera?

Komanso malamulo a mpingo wake sadali ofulumiza zinthu. Wofuna Chikhristu ankayamba wakhala womvera chabe, kenaka n'kulandira mtanda, ndipo ubatizo unkadza patapita zaka. Dikoni naye alibe mphamvu yodalitsa Mgonero. Ankayenera kudikira wansembe, amene kawirikawiri ankabwera pa sitima ya Chauncy Maples yomwe idayamba kuyenda pa nyanja mu 1901. Chotsalira Kamungu chidali ntchito ya tsiku ndi tsiku: mapemphero a m'mawa, sukulu, kuyendera midzi, mapemphero a madzulo, mawa lake chimodzimodzi. Aphunzitsi amene adaimapo m'kalasi la ana owerengeka pa zala akudziwa kulemera kwa zimenezi. Kulalikira khamu n'kokoma. Kumvera kumavuta pamene palibe woombera m'manja.

Mu 1910 padakhazikitsidwa dayosizi ya Northern Rhodesia, ndipo bishopu wake woyamba adali John Edward Hine, amene kale adali ku Likoma. Kudafunika wansembe wokatsegula ntchito pakati pa Akunda ku Msoro, m'chigwa chotentha cha Luangwa, kuzambwe kwa Fort Jameson, mzinda umene lero ndi Chipata. Kamungu, mwana wa kunyanja, adasiya madzi ndi abale napita. Kumeneko anthu adamlandira, ndipo mu 1912 adabatiza Akhristu oyamba.

Sadakhalitse. Adamwalira mu February 1913 asanakwanitse zaka 40, ndipo ambiri amakhulupirira kuti adachita kudyetsedwa chiphe. Manda ake ali ku Msoro, ndipo dzina lake lidapatsidwa ku sukulu yosula ansembe a Anglican ku Zomba.