Eadfrith, bishopu amene analemba Mauthenga Abwino pa zikopa za ng'ombe

M'nyumba yosungiramo mabuku ya British Library mumzinda wa London muli buku la zaka pafupifupi 1,300 lomwe linalembedwa ndi kukongoletsedwa ndi dzanja la munthu mmodzi. Bukuli limatchedwa Lindisfarne Gospels, ndipo muli Mauthenga Abwino anayi a Mateyu, Marko, Luka ndi Yohane m'Chilatini. Mlembi wake anali Eadfrith, bishopu wa pachilumba cha Lindisfarne, amene anamwalira m'chaka cha 721.

Lindisfarne ndi chilumba chaching'ono kumpoto chakum'mawa kwa dziko la England. Madzi a m'nyanja akakwera, kawiri pa tsiku, njira yopita kumtunda imamira. Mmonke wina dzina lake Aidan anamangapo nyumba ya amonke cha m'ma 635, ataitanidwa ndi mfumu Oswald ya ufumu wa Northumbria. Eadfrith anali mmodzi mwa amonke a pamenepo, ndipo anasankhidwa kukhala bishopu m'chaka cha 698.

M'chaka chomwecho amonke anafukula thupi la Cuthbert, bishopu wotchuka amene anamwalira mu 687, ndipo anachitira umboni kuti analipeza lisanawole. Mbiri inawanda, anthu nayamba kukhamukira kuchilumbako. Eadfrith anaika mtima wake pa kusunga chikumbutso cha Cuthbert. Anakonzanso kanyumba kopemphereramo pachilumba cha Farne pomwe Cuthbert ankakhala kwayekha, ndipo anapempha Bede, mlembi wamkulu wa nthawiyo, kuti alembe mbiri ya moyo wake. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti buku la Mauthenga Abwino nalonso linalembedwa polemekeza Cuthbert, cha pakati pa 715 ndi 720.

Masiku amenewo kunalibe makina osindikizira, chifukwa a Johannes Gutenberg anadza patatha zaka zoposa 700. Mapepala nawonso anali asanafike ku England. Ofuna buku ankayamba ndi khola. Zikopa za ana a ng'ombe ankazinyika, kuzipala ubweya, kuzikunga pa mitengo ndi kuzisalaza kufikira zitapyapyala. Buku la Eadfrith lili ndi masamba 259, ndipo linatha zikopa pafupifupi 150. Mlimi aliyense woweta ng'ombe ku Petauke kapena ku Nyimba angathe kuwerengera yekha chuma chimene chinalowa m'buku limodzi limeneli.

Cholembera chinali nthenga ya mbalame yosongoledwa. Inki yakuda inkachokera ku zotupa zomera pa mitengo zosakanizidwa ndi mchere wa chitsulo. Utoto wofiira unkachokera ku mtovu wowotcha, wobiriwira ku dzimbiri la mkuwa, wachikasu ku mwala, ndipo wobiriwira ngati thambo ku masamba a chomera. Golide anagwiritsa ntchito wochepa kwambiri.

Uthenga uliwonse umayamba ndi chithunzi cha mlembi wake, kenaka tsamba lathunthu lokhala ndi mtanda pakati pa mizere yolukanalukana ngati mphasa kapena lichero. Masamba otere alipo asanu. Munthu akayang'anitsitsa amaona kuti mizere ina ndi makosi a mbalame ndi miyendo ya agalu, ndipo uliwonse ungatsatidwe kuchokera poyambira mpaka pothera osasokonekera. Pa tsamba loyamba la Uthenga wa Luka pali timadontho tofiira toposa 10,000, ndiponso mphaka amene m'mimba mwake mwandandalika mbalame zisanu ndi zitatu. Kuseri kwa masamba kukuonekabe timabowo ndi mizere zimene Eadfrith ankayezera zojambula zake asanapake utoto.

Mabuku ena otchuka a nthawi imeneyo, monga Book of Kells, anagwiridwa ndi alembi angapo. Ili analemba yekha, ali ndi udindo woyang'anira mipingo ya dera lalikulu, ndipo akatswiri amati ntchitoyi inamutengera zaka zosachepera zisanu. Zilembo zina zinatsala zosapakidwa utoto, zimene ena amaziona ngati chizindikiro chakuti imfa inamupeza asanamalize. Æthelwald, amene analowa m'malo mwake, anasoka masambawo pamodzi, ndipo mmonke Billfrith anakongoletsa chikuto ndi golide, siliva ndi miyala ya mtengo wapatali.

Mtendere sunakhalitse. M'chaka cha 793 ankhondo a ma Viking ochokera ku Scandinavia anaukira chilumbacho, kupha amonke ndi kufunkha chuma. Mu 875 otsalawo anathawa atasenza bokosi la Cuthbert, mafupa a Eadfrith ndi bukuli. Atayendayenda zaka zingapo anakhazikika ku Chester-le-Street, ndipo mu 995 anasamukira ku Durham.

Ku Chester-le-Street ndiko kumene wansembe Aldred, cha m'ma 950 mpaka 970, anatenga inki nalemba mawu a Chingerezi chakale pamwamba pa mawu a Chilatini, mzere ndi mzere. Zolemba zakezo ndiwo matanthauziro akale koposa a Mauthenga Abwino m'Chingerezi amene alipo lero. Ndiyenso analemba kumapeto kwa bukuli maina a amene analipanga, ndipo dzina la Eadfrith linasungika chifukwa cha iye.

Vuto limene Aldred anakumana nalo, la buku lolankhula chinenero chimene anthu salankhula pakhomo, nlodziwika m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905 ndi ya Hofmeyr ku Nyimba mu 1914, Ansenga ambiri anaphunzira kuwerenga m'Chinyanja, ndipo Buku Lopatulika lomwe linamalizidwa mu 1922 ndilo linalowa m'matchalitchi awo. M'chaka cha 2016 anthu a ku Petauke analandira Chipangano Chatsopano chomasuliridwa mwatsopano m'Chinsenga.

Chikuto cha Billfrith chinatayika, mwina pamene mfumu Henry VIII inatseka nyumba za amonke m'zaka za m'ma 1530. Masamba ake anapulumuka. Robert Cotton, wosonkhanitsa mabuku akale, anapeza bukuli kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1600, ndipo mu 1753 linalowa m'manja mwa British Museum, kenaka British Library mu 1973. Anthu a kumpoto kwa England akhala akupempha kuti libwerere kwawo, koma limangopitako pobwerekedwa, monga ku Durham mu 2013 ndi ku Newcastle mu 2022. Mpingo umakumbukira Eadfrith pa 4 June chaka chilichonse.