ROD SERLING, MLEMBI AMENE ANABISA COONADI M'NTHANO

Mlungu uno tikusimbirani za moyo wa malemu Bambo Rod Serling a ku America, amene dzina lao likumbukidwa kufikira lero cifukwa ca masewero a pa wailesi ya kanema ochedwa The Twilight Zone.

Bambo Serling anabadwa pa 25 Disembala 1924 mu mzinda wa Syracuse, nakulira ku Binghamton, m'cigawo ca New York. Atatsiriza sukulu ya sekondale mu 1943 analowa usilikari, m'gulu la odumpha m'ndege ndi maambulera. Anamenya nkhondo ku zisumbu za Philippines, kumene anavulala ndi kuona anzao ambiri akufa. Ngakhale atabwerera kwao, maloto oipa a nkhondo sanawaleke, ndipo kulemba kunasanduka mankhwala ao. Anaphunzira pa Antioch College ku Ohio, namaliza mu 1950. Mbiri yao inabuka mu 1955 ndi sewero lochedwa Patterns, limene linawapatsa mphoto ya Emmy.

M'caka comweco ca 1955, mnyamata wakuda wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa mwankhanza ku Mississippi. Azungu awiri amene anaimbidwa mlanduwo anamasulidwa ndi bwalo la azungu okhaokha. Nkhaniyi inawawawa mtima Bambo Serling, ndipo anailemba sewero. Koma ku America masewero a pa kanema amalipiriridwa ndi makampani a malonda, ndipo eni ndalama anaopa kukwiyitsa azungu a kum'mwera amene anali kugula katundu wao. Motero sewerolo, Noon on Doomsday, pooneka mu 1956 linali litasinthidwa kotheratu: wophedwayo sanalinso munthu wakuda, ndipo mudzi wace unasamutsidwira kumpoto. Atayesanso mu 1958, nkhaniyo inakankhidwira ku zaka za m'ma 1870, wophedwayo nasanduka munthu wa ku Mexico.

Apa Bambo Serling anapeza nzeru imene anakamba nthano anaidziwa kalekale. Cimene sunganene pamaso pa mfumu, ungacinene mwa kuika mau m'kamwa mwa Kalulu ndi Fisi. Anaona kuti eni makampani sadzaopa nkhani za zolengedwa za ku maiko a m'mlengalenga, za maulendo obwerera ku masiku akale, kapena za makina olankhula ngati anthu, poyesa kuti ndi maloto cabe.

The Twilight Zone inayamba kuoneka pa wailesi ya CBS pa 2 Okutobala 1959. Cigawo coyamba cinatha pa 1 Julaye 1960, ndipo cinali ndi masewero 36, lirilonse la nkhani yaceyace yosapitirira theka la ola. Mwa masewero amenewa, 28 analemba Bambo Serling iwo eni. Otsalawo analemba anzao, makamaka Charles Beaumont ndi Richard Matheson. Mau a Bambo Serling ndiwo anali kutsegula ndi kutseka sewero lirilonse.

Limodzi la masewero omveka a cigawoco ndi The Monsters Are Due on Maple Street, la mu Marichi 1960. Kuwala kwacilendo kudutsa kumwamba, ndipo pa mseu wina wa anthu okhala mwamtendere magetsi azima, magalimoto nakana kulira. Mwana wina anena kuti pakati pao pali mlendo wa m'mlengalenga wobvala thupi la munthu. Pomwepo anansi ayamba kulozana zala: mmodzi amkayikira cifukwa galimoto yace yalira yokha, ndiponso cifukwa sagona usiku. Mdima utagwa, mmodzi aombera mnansi wace pomuyesa cirombo, ndipo mudzi wonse uukirana. Alendowo analipodi, koma anali ciimire pa phiri, akungozima ndi kuyatsa magetsi, podziwa kuti anthu amantha adzaonongana okha. Oonerera anazindikira m'sewerolo masiku amene anthu a ku America anali kunenezana za cikomyunizimu popanda umboni.

Mu Epulo 1960 kunaoneka The Big Tall Wish, nkhani ya womenya nkhonya wotopa ndi mwana womkhulupirira. Pafupifupi osewera onse anali anthu akuda, motsogozedwa ndi Ivan Dixon, cinthu cimene cinali cosowa kwambiri pa kanema wa masikuwo. Cifukwa ca cigawo cimeneci Bambo Serling analandiranso mphoto ya Emmy.

Masewerowa anatha mu 1964 atakwana 156, ndipo 92 mwa iwo anali a dzanja la Bambo Serling. Pambuyo pace anathandiza kulemba filimu ya Planet of the Apes ya mu 1968, naphunzitsanso acinyamata luso la kulemba pa Ithaca College. Koma nchito yosapuma ndi fodya wambiri zinafooketsa mtima wao. Anamwalira pa 28 Juni 1975 ku Rochester, ali ndi zaka 50 zokha, nasiya mkazi ndi ana akazi awiri.

Masewero aja amene eni ndalama anawasintha, oŵakumbukira lero ndi ocepa. Koma nthano zimene anaziyesa zopanda ngozi zionetsedwabe m'maiko ambiri, ndipo zidzudzulabe tsankho, mantha ndi kunenezana pakati pa anansi.