Robert Laws: dokotala yemwe analota yunivesite pa phiri la Khondowe

Ambiri timaidziwa Unilia ya ku Rumphi, ena mwinanso ndi komwe mukuphunzira. Koma dzina loti Laws Campus lija linachokera kuti?

Robert Laws anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, mu 1851. Bambo ake anali kalipentala. Iye anaphunzira zaubusa ndi udokotala, ndipo mu 1875 anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala ali ndi zaka 24 zokha. Malungo atapha anzake angapo, mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, koma nakonso maliro sanathe. Ndiye mu 1894 mkuluyu anakwera phiri la Khondowe, kozizira, udzudzu wochepa, n'kutsegula sukulu ya Overtoun Institution. Dzinali ndi la Lord Overtoun, mpondamatiki yemwe ankathira ndalama.

Sinali sukulu wamba ayi. Ankaphunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku, ndipo pamalopo panabwera madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Anadutsa pamenepa ndi anthu ngati Levi Mumba, David Kaunda yemwe ndi bambo ake a Kenneth Kaunda, komanso Clements Kadalie amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku South Africa mu 1919.

Koma tisamukometsere zonse. Laws ankachedwa kukhulupirira anthu akuda omwe anawaphunzitsa yekha. Omaliza zaubusa anadikira zaka zambiri, oyamba anadzozedwa mu 1914. Charles Domingo anatopa kudikira n'kuchoka.

Khumbo lake lalikulu linali loti sukuluyi idzakhale yunivesite. Lord Overtoun atamwalira mu 1908 thumba linayamba kuphwa, amishoni enanso ankaona kuti bola kulimbikitsa masukulu a m'midzi. Laws anachoka mu 1927, n'kumwalira ku London mu 1934 yunivesiteyo asanaione.

Panapita zaka 76 chichokereni iye kuti sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP itsegule yunivesiteyi mu 2003, pa phiri lomwelo. Anaitsegula ndi abusa achimalawi, a mtundu womwe uja ankauchedwetsa kudzoza.

Nyumba yake ya miyala, Stone House, ikadalipo ndipo muli zinthu zakale. Mukakwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera ku Chitimba, osangothera maselfi pa mathithi a Manchewe, kalowenimonso.