Frederick Banting, Sing'anga Amene Anathandizidwa ndi Agalu

Ana inu, mwa nthenda zosautsa anthu ilipo ina yotchedwa nthenda ya shuga. Kale mwana akagwidwa nayo ankamva ludzu losatha, nakodza kawirikawiri, naonda kufikira kutsala mafupa okhaokha, ndipo posakhalitsa ankamwalira. Amene anatsogolera ntchito yopeza mankhwala ake ndiye Frederick Banting.

Banting anabadwa pa 14 Novembala 1891 pamunda wa atate wake pafupi ndi Alliston, m'dziko la Canada. Anaphunzira zausing'anga ku Toronto, natsiriza m'chaka cha 1916. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anavulazidwa pamkono ku Cambrai mu 1918, koma sanaleke kumanga mabala a anzake.

Akatswiri anali atadziwa kale kuti galu akachotsedwa kapamba, chiwalo chokhala kuseri kwa chifu, amadwala nthenda ya shuga. Tsono anaganiza kuti m'kapamba muli chinthu chimene chimachepetsa shuga m'magazi, koma palibe amene anali atachitulutsa bwino kuti chichiritse munthu. Mu 1921 mphunzitsi wamkulu John Macleod anapatsa Banting chipinda, agalu ndi wophunzira dzina lake Charles Best. Awiriwa anachotsa kapamba wa agalu ena, nawabaya madzi otengedwa m'kapamba wa agalu anzawo. Agalu ambiri anafa, koma mwa ena shuga anatsika, ndipo mmodzi, dzina lake Marjorie, anakhala moyo masiku 70 wopanda kapamba. James Collip anayeretsa mankhwalawo, ndiwo amene tiwatcha insulini.

Mu Januwale 1922 anabaya Leonard Thompson, mnyamata amene anali pafupi kufa, ndipo mphamvu zake zinabwerera. Mu 1923 Banting ndi Macleod analandira mphoto ya Nobel, ndipo Banting anagawira Best theka la ndalama zake. Iye, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa mankhwalawo ku Yunivesite ya Toronto pa dola imodzi aliyense, kuti odwala asawasowe. Banting anamwalira pa 21 Febuluwale 1941, ndege imene anakwera itagwa ku Newfoundland.

Insulini sachotsa nthendayo. Wodwala ayenera kubayidwa tsiku ndi tsiku. Akabaya wochuluka, kapena akapanda kudya, shuga amatsika kwambiri, munthu nanjenjemera, natuluka thukuta, nakomoka. Apa galu wabweranso. M'maiko ena agalu amaphunzitsidwa kuzindikira fungo la mpweya ndi thukuta la mwini wawo shuga akamatsika, ndipo amamukanda ndi phazi kapena kumudzutsa kutulo kuti ayese magazi ake ndi kudya chotsekemera. Galu amaphonya nthawi zina, choncho salowa m'malo mwa chipangizo choyesera magazi.

Tsiku lobadwa la Banting ndilo tsiku lokumbukira nthenda ya shuga pa dziko lonse. Mukaona galu pamudzi, musamuponye miyala; kumbukirani chimene agalu anachitira odwala.