Dr. Hastings Kamuzu Banda ndi Atsibweni Ake: Ulendo Wofuna Sukulu

Ambiri mwa ife Achewa amene tikukhala kuno ku migodi ya mkuwa, ku Kitwe ndi ku Ndola, ndife ana ndi adzukulu a anthu amene adachoka kwawo wapansi, kamtolo kali pamutu, kudzafuna ntchito. Dr. Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko la Malawi, adachokanso kwawo mwa njira yomweyo, kungoti iye chimene ankafuna ndi sukulu. Za ulamuliro wake zidalembedwa zambiri, zokoma ndi zowawa zomwe. Zimene sizikambidwa kawirikawiri ndi zaka 10 zimene adatha akusesa m'chipatala ndi kugwira ntchito m'migodi asanakhale pa benchi ya sekondale, ndiponso mphunzitsi amene adamugwira dzanja m'zaka zimenezo.

Kamuzu adabadwira kufupi ndi Kasungu, m'dziko la Mfumu Mwase, cha m'ma 1898, ngakhale kuti tsiku limene boma lake linkakondwerera ndi la 14 May 1906. Bambo ake adali a Mphonongo Banda ndipo mayi ake adali a Akupingamnyama, a pfuko la Phiri. Mayiwo adakhala nthawi osaona mwana, ndipo pathupi padabwera atamwa mankhwala a mizu ochokera kwa sing'anga. N'chifukwa chake mwanayo adamutcha Kamuzu. Dzina la Hastings adalitenga pa ubatizo potsata mmishonale wina wa ku Scotland, John Hastings. Zilembo zoyamba adaziphunzirira ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, kenaka adapita ku Chilanga, sukulu ya mishoni ya Livingstonia, kumene kudali dokotala wachimishonale Dr. George Prentice.

Pakati pa aphunzitsi a ku Chilanga padali Hanock Msokera Phiri, amene adabadwa m'chaka cha 1884 ndipo adaphunzira ku Overtoun Institution, ku Khondowe, m'masiku a Dr. Robert Laws. Hanock adali mtsibweni wa Kamuzu. Mchewa aliyense adziwa kulemera kwa mawu amenewa. Pakati pathu mwana ndi wa kuchimake, ndipo mtsibweni ndiye mwini mbumba: ndiye amene amayankha mwana akapalamula, amene amaima pa ukwati wake, amene amafunsidwa za tsogolo lake. Tsono Kamuzu adapeza mphunzitsi ndi mtsibweni mwa munthu mmodzi, ndiponso munthu amene adaona ndi maso ake kuti kupitirira sukulu ya pamudzi kuli sukulu ina yaikulu. Masiku amenewo m'Nyasaland monse mudalibe sekondale ndi imodzi yomwe. Ya ku Blantyre idatsekulidwa mu 1940, ndipo kuno kwathu makalasi a sekondale adayamba ku Munali mu 1939. Kwa mwana wa ku Kasungu, Khondowe ndiye adali mapeto a zonse.

M'chaka cha 1915 Kamuzu, amene pa nthawiyo ankathandiza kale kuphunzitsa ana aang'ono, adakhala pa mayeso a aphunzitsi amene akadamutsekulira njira ya ku Khondowe. Mnyamatayo adali wamfupi, ndipo adapatsidwa malo kumbuyo. Mafunso adali olembedwa pa bolodi. Pofuna kuona bwino, adaimirira nasuzumira pamwamba pa phewa la mnzake wamtali amene adali kutsogolo kwake. Woyang'anira mayesowo, Mbusa Thomas Cullen Young, adayesa kuti mnyamatayo akuonera pa pepala la mnzake, ndipo adamutulutsa pomwepo, osamufunsa kanthu. Tiganize za manyazi ake: mwana wa pamishoni, mphwake wa mphunzitsi, kutchedwa wakuba pamaso pa anzake. Patangopita milungu yochepa Kamuzu adachoka ku Kasungu wapansi. Cholinga chake chidali kukafika ku Lovedale, sukulu yotchuka ya amishonale a ku Scotland ku South Africa, imene adamva mbiri yake pamishoni.

Ku Lovedale sadafikeko. Atawoloka Zambezi adafika ku Hartley, tauni ya ku Southern Rhodesia imene lero ikutchedwa Chegutu, m'thumba mulibe kanthu, nalowa ntchito yosesa m'chipatala. Kumeneko adaona mmene odwala achikuda ankasamalidwira mosasamala, ndipo maganizo oti adzakhale dokotala adakhazikika.

Apa m'pamene Hanock adaonetsa utsibweni wake. Naye adasiya uphunzitsi ku Nyasaland, ndipo mu 1916 adamupeza mphwake ku Hartley. Sadamuuze kuti abwerere kumudzi akapepese kwa amishonale. Chaka chotsatira awiriwa adapitirira limodzi ulendo wa kummwera mpaka ku Natal, kumene adagwira ntchito pa mgodi wa malasha kufupi ndi Dundee. Kuchoka apo Kamuzu adapita ku Boksburg, pafupi ndi Johannesburg, nalembedwa pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep. Chifukwa cha Chingerezi chake adakwezedwa kukhala kalaliki ndi womasulira, ndipo madzulo akaweruka ankapita ku sukulu ya usiku.

Ukalaliki udali msampha wokoma. Anthu a ku Nyasaland ophunzira pamishoni ankafunidwa paliponse pamene padali mgodi, ndipo ambiri adabwera kuno pamene Bwana Mkubwa, Roan Antelope ndi Nkana zinkayamba. Ena mwa iwo ndiwo adayambitsa mpingo wa Union Church ku Ndola m'ma 1925. Kalaliki ankavala jekete ndi taye, ankalandira ndalama zoposa za anzake a pansi pa mgodi, ndipo kumudzi ankatchedwa munthu wophunzira. Anthu anzeru zedi adakalambira pa mpando umenewu, ndipo sitingawadzudzule, pakuti adali ndi mabanja owadalira. Kamuzu akadathera pomwepo. Koma mu 1921 adamva Dr. James Aggrey, mphunzitsi wa ku Gold Coast amene adaphunzira ku America, akulankhula ku Johannesburg, ndipo adaona kuti munthu wakuda angathe kufika pamene azungu omwe amakhala chete kumumvera.

Njira yopitira ku America idatsekuka kudzera mu mpingo wa African Methodist Episcopal, umene timaudziwa ndi dzina loti AME, mpingo wa anthu akuda a ku America. Hanock ndi Kamuzu adalowa mpingowu ali ku South Africa, ndipo pa msonkhano wa ku Bloemfontein mu 1923 adaonana ndi Bishopu William Tecumseh Vernon. Bishopuyo adavomera kuthandiza mnyamatayo kuti akaphunzire ku America. Hanock adadzozedwa ubusa, ndipo mu 1924 adabwerera ku Kasungu kumene adatsekula mishoni ndi sukulu ya AME ku Mdabwi. Pambuyo pake ntchito yake idafikanso ku Northern Rhodesia. Choncho mphunzitsi adabwerera ku bolodi ndi choko, wophunzira nakwera sitima ya pamadzi mu 1925.

Ku Wilberforce Institute, m'chigawo cha Ohio, Kamuzu adalowa sekondale ali ndi zaka pafupifupi 27, kukhala m'kalasi limodzi ndi ana amene akadakhala ang'ono ake otsiriza. Adamaliza mu 1928. Adaphunzira zaka ziwiri pa Indiana University, kenaka adasamukira ku University of Chicago kumene adalandira digiri yoyamba mu 1931. Zidali zaka za mavuto aakulu a chuma ku America, ndipo thandizo la mpingo litachepa adadalira ndalama zolandira polankhula m'misonkhano za Afrika ndi chifundo cha anthu ena akufuna kwabwino.

Ku Chicago kudachitika chinthu chimene ife Achewa tiyenera kuchidziwa. Wophunzira wina wakuda wa ku America, Mark Hanna Watkins, ankafufuza za kapangidwe ka zilankhulo pansi pa katswiri Edward Sapir, ndipo ankafuna munthu wolankhula chilankhulo cha ku Afrika. Kamuzu ndiye adakhala naye pansi kwa miyezi yambiri, kumutchulira mawu, kumupangira ziganizo ndi kumusimbira nthano. Mu 1937 mudatuluka buku lotchedwa A Grammar of Chichewa. Chichewa cha m'bukumo ndi cha ku Kasungu, chimene mnyamata wothamangitsidwa pa mayeso uja adachoka nacho kumudzi. M'chaka chomwecho adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College, mu mzinda wa Nashville. Kuchokera tsiku limene adaimirira m'chipinda cha mayeso chija padali patapita zaka 22.

Boma la Britain silinkalola dokotala wa mapepala a ku America kugwira ntchito m'maiko ake, motero Dr. Banda adapita ku Edinburgh, kumene adapambana mayeso ena mu 1941 ndiponso adasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Adafuna kubwerera kwawo kukachiza anthu, koma anamwino achizungu a pamishoni adakana kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda, ndipo boma la atsamunda silidafune kumuyesa wofanana ndi madokotala achizungu. Adakhala ku Britain, nachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London.

Ku Scotland komweko adakumananso ndi Cullen Young, yemwe uja adamutulutsa m'mayeso. Awiriwa adakhala mabwenzi. Mu 1946 adatulutsa limodzi buku la Our African Way of Life, m'mene adamasulira m'Chingerezi nkhani zimene John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara adalemba m'chilankhulo chathu, ndipo m'mawu oyamba adafotokoza za Amaravi, za banja la Chichewa ndi za udindo wa mtsibweni pa mbumba yake. Pa mutu wotsirizawu Dr. Banda sadafunikire kufunsa munthu.

Ali ku London adalipirira sukulu ana ambiri a ku Afrika, ndipo nyumba yake idasanduka bwalo la ophunzira ndi andale. Mmodzi wa iwo adali Harry Mwaanga Nkumbula, amene adakhalapo mphunzitsi wamkulu ku Wusakile, ku Kitwe konkuno. Mu 1949 awiriwa adalemba chikalata chotsutsa maganizo ophatikiza Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri. Chitaganyacho chitakhazikitsidwa mu 1953, Dr. Banda adasamukira ku Kumasi, ku Gold Coast, mpaka pamene achinyamata a Nyasaland African Congress adamuitana. Adatera pa Chileka pa 6 July 1958, patatha zaka 43 chichokere. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene adaphunzitsa Watkins Chichewa ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, womasulira ataima pambali, ndipo adachita zimenezi mpaka ukalamba wake.

Zotsatira zake n'zodziwika kwa onse. Adamangidwa pa 3 March 1959 nakhala m'ndende ya ku Gwelo mpaka pa 1 April 1960. Malawi adalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo mu 1971 Dr. Banda adakhala pulezidenti wa moyo wonse. Yunivesite ya Malawi idatsekula zitseko mu 1965, ndipo mu 1968 Chichewa chidakhala chilankhulo cha fuko, chinthu chimene chidakondweretsa Achewa koma chidawawa mitundu ina, makamaka Atumbuka, amene chilankhulo chawo chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu.

Tikadabisa zina, mbiri ino ikadakhala yabodza. Munthu amene adatulutsidwa m'mayeso osafunsidwa mbali yake adalamulira dziko m'mene anthu ambirimbiri adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Ophunzira sadasiyidwe. Jack Mapanje, mlakatuli ndi mphunzitsi wa pa Chancellor College amene adafufuza za Chichewa chomwechi, adakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa chimene adalakwa. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kuchigawo chawo, kumene kuli Khondowe uja Kamuzu ankamulakalaka ali mwana. Amalawi ambiri adathawira kuno ku Zambia, ndipo ena mwa ana awo tili nawo pakati pathu.

Mu 1981 adatsekula Kamuzu Academy ku Mtunthama, pafupi ndi kachere uja. Ana anzeru ochokera m'maboma onse a Malawi, osauka omwe, ankaphunzira kumeneko ulere, ndipo Chilatini ndi Chigiriki zidali zokakamiza. Ambiri mwa iwo adakhala madokotala, maloya ndi akatswiri a ntchito zosiyanasiyana, ndipo sadayende wapansi kukafika ku Hartley kuti apeze zimenezi. Koma m'masiku a mwini wake sukuluyo inkalemba aphunzitsi achizungu okhaokha. Mphunzitsi wonga Hanock Msokera Phiri sakadaloledwa kugwira choko m'kalasi ya pamenepo.

Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha pa 17 May 1994 Dr. Banda adagonja kwa Bakili Muluzi navomera kugonjako. Adamwalira pa 25 November 1997 m'chipatala ku Johannesburg, mtunda wosatalika kuchokera ku Boksburg kumene adali kalaliki wa pa mgodi, ndipo adaikidwa m'manda ku Lilongwe pa 3 December chaka chomwecho.