Henry James, mlendo amene analemba za alendo

Henry James anabadwa pa 15 Epulo 1843 mumzinda wa New York, m'masiku omwe William Miller ndi anzake ankalalikira m'chigawo chomwecho za kubweranso kwa Khristu. Banja lake linali lopeza bwino chifukwa agogo ake, amene anachokera ku Ireland, anasiya chuma chambiri mumzinda wa Albany. Bambo ake ankathera nthawi yawo powerenga ndi kulemba za chipembedzo motsata chiphunzitso cha Emanuel Swedenborg, koma banjalo silinakhazikike mumpingo uliwonse. Mkulu wake, William James, anadzakhala mphunzitsi wotchuka wa maphunziro a kaganizidwe ka munthu pa yunivesite ya Harvard.

Bambo a anyamatawa ankakhulupirira kuti mwana amachangamuka akamayenda. Choncho kuyambira 1855 mpaka 1860 banjali linkasamukasamuka, ndipo Henry anaphunzira ku Geneva, London, Paris, Boulogne ndi Bonn. Anabwerera kwawo akulankhula Chifalansa bwinobwino, koma alibe malo amene akanawatchula kuti mudzi wake. Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku America mu 1861, iye sanapite kunkhondo chifukwa anali atavulala pozimitsa moto ku Newport. Azing'ono ake awiri anapita, ndipo mmodzi wa iwo, Wilky, amene anali mtsogoleri m'gulu la asilikali akuda, anavulala kwambiri ku Fort Wagner mu 1863. Henry anayamba maphunziro a zamalamulo ku Harvard mu 1862, koma posakhalitsa anawasiya n'kuyamba kulemba nkhani m'magazini.

Mu 1869 anapita yekha ku Ulaya, ndipo ku England anaonana ndi anthu otchuka monga George Eliot ndi Charles Darwin. Ali komweko mu 1870 anamva za imfa ya msuweni wake Minny Temple, mtsikana wanzeru ndi wolankhula mosaopa, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu ali ndi zaka 24. Minny ankafunitsitsa kukaona Ulaya koma moyo unamuthera asanapite. Akatswiri ambiri a mabuku amaona chithunzi chake mwa atsikana amene James anadzawatumiza kutsidya la nyanja m'nkhani zake. Mu 1875 James anakakhala ku Paris, komwe anacheza ndi alembi Ivan Turgenev ndi Gustave Flaubert, ndipo chakumapeto kwa 1876 anasamukira ku London. England anakhala kwawo mpaka imfa.

Panthawi imeneyo Amereka opeza bwino ankadzaza sitima zapamadzi kupita ku Ulaya kukaona matchalitchi akale, zithunzi zojambula ndi nyumba za mafumu. James anawayang'anitsitsa anthu amenewa m'mahotela ndi m'maphwando, ndipo funso limodzi linamugwira moyo wake wonse: chimachitika n'chiyani kwa munthu woona mtima akafika kwa eni, kumene malamulo a khalidwe salembedwa ndipo palibe womuuza? M'buku la The American, la mu 1877, Christopher Newman, mwamuna amene wapata chuma ndi thukuta lake, akufika ku Paris akuganiza kuti ndalama ndi mtima wabwino n'zokwanira kuti akwatire mkazi wa m'banja lolemekezeka. Banjalo likuvomera kenako n'kubweza mawu. Newman akupeza kalata yoti akanaliyalutsa nayo banjalo, koma pomaliza akuiponya pamoto.

Dzina la James linamveka kwambiri mu 1878 ndi nkhani yaifupi yotchedwa Daisy Miller. Daisy ndi mtsikana wochokera ku Schenectady amene amacheza momasuka ndi aliyense, monga ankachitira kwawo. Ku Rome akuyenda poyera ndi mnyamata wa ku Italy, ndipo amene akumutsekera zitseko ndi Amereka anzake okhala kumeneko, omwe akuopa kuti awachititsa manyazi pamaso pa eni dziko. Usiku wina akupita kukaona bwalo lakale la Colosseum, akudwala malungo n'kumwalira. Winterbourne, mnyamata wa ku America amene wakhalitsa ku Geneva, akuzindikira maliro atachitika kale kuti mtsikanayo analibe mlandu, ndipo iye anamuweruza ndi maso obwereka. James akuonetsa apa alendo a mitundu iwiri: wina samva malangizo, wina wamva kwambiri za eni mpaka sathanso kuzindikira wakwawo.

Buku limene ambiri amalitenga kukhala lopambana ndi The Portrait of a Lady, la mu 1881. Isabel Archer wa ku Albany akufika ku England atatsimikiza kuti moyo wake ausankha yekha. Akukana amuna awiri omufunsira, mmodzi wa iwo mfumu yolemera ya ku England, ndipo akulandira cholowa cha mapaundi 70,000. Ku Italy akukopeka ndi Gilbert Osmond, Mmereka waulemu wodziwa zojambula, osadziwa kuti mayi wina amene iye ankamuyesa bwenzi ndiye anakonza ukwatiwo chifukwa cha ndalamazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chochititsa chidwi n'chakuti omupusitsawo si anthu a ku Ulaya, koma Amereka anzake amene anatengera maonekedwe a chikhalidwe cha eni n'kutaya chikumbumtima. Isabel atadziwa zonse ali ndi mpata wothawa, komabe akubwerera ku Rome, kumene analonjeza mwana wopeza kuti sadzamusiya. Mpaka lero owerenga amatsutsana ngati anachita bwino.

Moyo wa mlembi mwiniyo sunali wosalala. Sanakwatire, ndipo ngakhale ankaitanidwa kumadyerero ambiri ku London, ambiri ankamuonabe ngati Mmereka, pamene ena kwawo ankamunena kuti anathawa dziko lake. Mabuku ake atayamba kugulidwa pang'ono anayesa kulemba masewero, koma pa 5 Januwale 1895, sewero lake la Guy Domville litaonetsedwa koyamba, gulu lina la oonera linamukuwiza ali pansanja. Zimenezi zinamupweteka kwambiri. Anabwerera kumabuku, n'kusamukira m'tauni yaing'ono ya Rye, m'nyumba yotchedwa Lamb House. Dzanja litayamba kumuwawa, ankalankhula mawu wina akutaipa. Mwanjira imeneyi analemba The Wings of the Dove mu 1902, The Ambassadors mu 1903 ndi The Golden Bowl mu 1904. Mu The Ambassadors, Lambert Strether akutumidwa ku Paris kukatenga mnyamata amene mayi ake akuti wasochera, koma wotumidwayo ndiye akusinthika, ndipo akubwerera kwawo osafuna kupindulapo kanthu pa ulendowo.

Mu 1904 James anapita ku America patatha zaka zoposa 20 asanapondeko. Anapeza New York itadzaza ndi nyumba zosanja komanso anthu obwera kuchokera kumayiko ambiri, ndipo nyumba imene anabadwiramo inali itagumulidwa. Zimene anaona anazilemba m'buku la The American Scene la mu 1907. Munthu amene anali mlendo ku Ulaya anapezeka ali mlendo ndi kwawo komwe.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, James, ali ndi zaka zoposa 70, ankayendera asilikali ovulala m'zipatala ndi kuthandiza othawa nkhondo ochokera ku Belgium. Zinamuwawa kuti America sinalowerepo, ndipo mu Julaye 1915 anakhala nzika ya Britain, zimene ambiri kwawo sanakondwere nazo. Mu Januwale 1916 analandira ulemu wa Order of Merit, ndipo anamwalira ku London pa 28 Febuluwale chaka chomwecho. Phulusa lake linatengedwa kupita ku America n'kukaikidwa pamanda a banja lake ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts.

Ife amene timawerenga mu Ahebri chaputala 11 za anthu a chikhulupiriro amene ankadziona ngati alendo padziko sitingavutike kumvetsa mutu wa mabuku ake, ngakhale James sanalembe ngati mlaliki. Anthu a m'nkhani zake amanyamuka ali ndi ndalama, ufulu ndi chiyembekezo, koma zimenezi siziwateteza. Chimene chimatsala nawo ndi zomwe amasankha kuchita atalakwiridwa, kutali ndi maso a akwawo. Wophunzira amene akulingalira zokapitiriza maphunziro kunja angayambe ndi Daisy Miller. Ndi nkhani yaifupi yoti n'kuimaliza madzulo awiri, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta poyerekeza ndi cha mabuku ake omaliza.