Frederik Bezuidenhout, mlimi amene busa lake lidasanduka Yeoville

JOHANNESBURG — Munthu wotsika minibasi pa msewu wa Rockey ku Yeoville amalandiridwa ndi fungo la nsomba zouma ndi chinangwa, komanso phokoso la zilankhulo zochokera mbali zonse za Africa: Chilingala, Chifalansa, Chishona, Chizulu, Chichewa. Ambiri mwa anthuwa amakhala m'zipinda za lendi. Ochepa okha ndiwo amadziwa kuti chitunda chonsechi, pamodzi ndi chigwa chimene chili kummawa kwake, chidali busa la ng'ombe za munthu mmodzi, Frederik Jacobus Bezuidenhout, yemwe adabadwa mu 1825 ndipo adamwalira mu 1900.

Mtundu wa Bezuidenhout udayamba m'dziko la South Africa ndi Wynand Bezuidenhout, wosamalira dimba la kampani ya Adatchi ku Cape m'zaka za m'ma 1660. Zidzukulu zake zidasiya khasu la m'dimba n'kuyamba kuweta ziweto, ndipo mbadwo uliwonse unkasendera mkati mwa dziko kufunafuna msipu. Dzinali lidamveka kwambiri mu 1815, pamene Frederik Bezuidenhout wina wa mtundu womwewu adakana kukaonekera kubwalo la milandu pa dandaulo la wantchito wake wa Chikhoikhoi lakuti amamuzunza. Adawomberedwa ndi asilikali amene adabwera kudzamugwira, mbale wake adautsa chipanduko, ndipo anthu 5 adanyongedwa mu 1816 pa mlandu wa Slagtersnek. Mwana wobadwa mu 1825 adakulira pakati pa anthu osunga mkwiyo umenewu, anthu amene patapita zaka khumi adamanga ng'ombe pangolo n'kulunjika kumpoto, kuthawa ulamuliro wa Angerezi.

Dziko limene Mabunu adalipeza kutsidya kwa mtsinje wa Vaal lidali ndi eni ake. Mipanda ya miyala ya Asotho ndi Atswana ikuonekabe ku Klipriviersberg, ndipo ku Melville Koppies kuli ng'anjo yawo yosungunulira chitsulo. Koma nkhondo za Mzilikazi zidali zitabalalitsa midzi yambiri, ndipo Mabunu atamugonjetsa mu 1837 adati dziko lonselo ndi lawo tsopano. Mzungu aliyense wolembedwa ngati nzika ankatha kulandira famu ya maekala pafupifupi 6,000, ndipo malire ankawayeza poyendetsa hatchi. Lamulo la mu 1855 lidaletsa munthu wakuda kukhala ndi malo m'dzina lake. Chuma cha banja la Bezuidenhout chidamera pa malamulo amenewa.

Famu ya Doornfontein, dzina lotanthauza kasupe wa paminga, poyamba idali ya banja la Barend Viljoen, limene lidakhazikika m'chigwachi m'zaka za m'ma 1850. Banjali nalonso lili ndi mbiri yake. Kholo lawo lidali Mfalansa, François Villion, yemwe adafika ku Cape m'zaka za m'ma 1670, khamu la Apulotesitanti othawa chizunzo ku France lisadafike mu 1688. M'mibadwo yochepa chabe Chifalansa chidazimirira pakamwa pa zidzukulu zake, ndipo Villion adasanduka Viljoen. Ngati Chifalansa chikumveka lero pa dothi la Doornfontein, adabwera nacho ndi anthu a ku Kinshasa ndi ku Douala.

Bezuidenhout adakwatira Judith, mwana wamkazi wa a Viljoen. Mchewa akadati munthuyu adali mkamwini, popeza munda adaupeza kwa apongozi. Kusiyana kwake n'kwakuti mkamwini wa kwa Achewa salanda munda wa eni mbumba, pamene kuno chikalata cha famu chidalembedwa m'dzina la mwamuna kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860. Lero pamapu pali Bezuidenhout Valley ndi Bezuidenhout Park.

Kwa zaka 25 zotsatira moyo wake udali wa mlimi wamba wa ku Transvaal, wolemera malo koma wosauka ndalama. Nyumba idali m'chigwa pafupi ndi madzi, minda ndi mitengo ya zipatso m'mbali mwa mtsinje, ng'ombe pamtunda. Chitunda cha miyala chimene pali Yeoville lero sichinkalimidwa, ndipo palibe amene akadachiwerengera ngati chuma.

Zonse zidasintha mu 1886, George Harrison atapeza mwala wa golide pa famu ya Langlaagte, kumadzulo pang'ono. Pa 8 September chaka chomwecho pulezidenti Paul Kruger adalengeza mafamu 9 kuti ndi malo okumbapo golide, ndipo chigawo cha kummwera cha Doornfontein chidali m'gululo. Mzinda weniweniwo udayalidwa pa Randjeslaagte, kadziko ka nsonga zitatu kamene kadatsala pakati pa Braamfontein, Turffontein ndi Doornfontein. Mlimi uja adangodzuka tsiku lina mzinda uli pa malire ake. Lamulo la golide silidamutaye: mwini famu ankasunga malo a nyumba yake, ankaloledwa kudzisankhira gawo limodzi mwa magawo khumi kuti akumbepo yekha kapena kubwereketsa, ndipo ankalandira theka la ndalama za ziphaso zimene okumba ankalipira mwezi ndi mwezi.

Komabe chimene mzinda watsopanowo unkachisowa koposa adali madzi. Johannesburg idamangidwa pamtunda popanda mtsinje waukulu, ndipo m'masiku oyambirira madzi ankagulitsidwa m'migolo pangolo. Akasupe odalirika adali pa Doornfontein. Mu 1887 James Sivewright adakhazikitsa kampani ya madzi imene idachita lendi malo a akasupewo, ndipo mu 1888 madzi oyamba a m'mipope adafika mumzinda. Pambuyo pake kampaniyo idagwera m'manja mwa Barney Barnato, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri a nthawiyo. Anthu opeza bwino adayamba kumanga nyumba zawo pafupi ndi madziwo, ndipo Doornfontein idakhala dera loyamba la mabwana mu Johannesburg.

Kuchokera pamenepo famu idayamba kudyedwa chidutswachidutswa. Bezuidenhout sadali munthu wa migodi, ndipo sadayese kupikisana ndi akatswiri a malonda ochokera ku Kimberley ndi ku London. Iye ankabwereketsa kapena kugulitsa malo, ena n'kumadula mapuloti. Umu ndi mmene Jeppestown, Bertrams, Troyeville, Bellevue ndi Kensington zidabadwira. Mu 1890 Thomas Yeo Sherwell, wochokera ku Yeovil ku England, adayala misewu pa chitunda cha miyala chija n'kuchitcha Yeoville. Ankaitanira anthu olemera powalonjeza mpweya wabwino, kutali ndi fumbi ndi utsi wa migodi. Olemerawo adasankha Parktown. Ku Yeoville kudabwera anthu apakatikati, kenako Ayuda ochokera kummawa kwa Ulaya, ndipo lamulo logawa madera potengera khungu litathetsedwa mu 1991 kudadzaza anthu a m'mayiko ena a mu Africa. Kuyambira pachiyambi dera limeneli lakhala la alendo.

Mkuluyu adamwalira m'chaka chimene asilikali a Angerezi adalowa mu Johannesburg, pa 31 May 1900, nkhondo yawo ndi Mabunu ili mkati. Ulamuliro umene makolo ake adauthawa ku Cape udamupeza pakhomo. Chigwa chake chidasanduka msasa wosungirako akavalo a nkhondo, ndipo ambiri mwa osamalira akavalowo adali ochokera ku India. Chipilala chowakumbukira, chimene chidamangidwa mu 1902, chili pamwamba pa Observatory Ridge, ulendo waufupi wapansi kuchokera ku Yeoville. Abusa ndi antchito akuda amene adaweta ng'ombe ndi kukumba ngalande za pa Doornfontein kwa zaka makumi anayi alibe msewu kapena dera lotchedwa dzina lawo. Ana awo adakumana ndi lamulo la malo la mu 1913, limene lidasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse a dziko lonse.

Olowa m'malo mwake adapitiriza kugulitsa zotsalazo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 chigawo cha pakhomo chidapita kwa khonsolo ya mzinda, pa pangano lakuti chikhale paki yokhala ndi dzina la banjalo. M'pakimo muli nyumba yakale ya pafamu ndi manda a banja, mmene Frederik ndi Judith adagona.

Kasupe uja sadaphwe. Amatumphukabe pafupi ndi bwalo la masewero la Ellis Park, pansi pa simenti, ndipo ndiye gwero la mtsinje wa Jukskei. Madzi ake amayenda m'ngalande kudutsa Bertrams ndi Bezuidenhout Valley atasakanikirana ndi zonyansa za mumzinda, amadutsa m'mphepete mwa Alexandra mmene amakokolola zisakasa nthawi ya dzinja, amathira mu Crocodile, kenako mu Limpopo, mpaka kukafika kunyanja ya mchere pafupi ndi Xai-Xai ku Mozambique.